Mlandu wa Mafuta a M'kachisi

LOLEMBA

M'mawa

Thandi wavomera! Abwera Loweruka. Uthenga wake wandipeza ndikusesa m'shopu: "Nizabwela. Koma osanifunsa vinthu." Ndawerenga chiimire, tsache lili m'manja, mpaka ba Anti andifunsa ngati fumbi likudzisesa lokha.

Ndiye kuti masewera athu ayambiranso. Sitinasewere chiyambire pamene Thandi anasiya kutuluka m'nyumba, mvula isanathe. Pano kukuzizira, mphepo ikuulutsa mapepala mu Kalingalinga monse, ndipo anthu atatu aja akadali m'ndende momwe ndinawasiya.

Ndilembe bwinobwino kuti mutu ukhazikike. Tilipo anayi. Ine ndimapeka dziko ndi kufotokoza zochitika. Thandi, Mabvuto ndi Bwalya aliyense ali ndi munthu wake m'nthanomo. Amanena zimene munthu wakeyo akufuna kuchita, n'kuponya dayisi yathu ya mbali makumi awiri. Nambala ikakhala yaikulu, zatheka. Ikakhala yaing'ono, wagwa nayo. Timasewerera pa tebulo lodulirapo nsalu, Loweruka masana, ba Anti akapita ku msonkhano wa azimayi kumpingo.

Tsiku lomaliza atatuwo anaba mafuta opatulika m'kachisi wa Mzinda wa Nyale. Alonda anawagwira. Ine n'kunena monyada kuti, mlandu wanu uzengedwa Loweruka likubwerali. Loweruka lakelo ndi ili. Mzinda wolamulidwa ndi ansembe, mfumu kulibe, bwalo la milandu ndi kachisi yemweyo, mulungu wawo ndi Lawi losazima. Zonsezo ndinapeka kale. Koma lamulo ndilibe ngakhale limodzi.

Masana

Ndalemba kuseri kwa pepala lakhaki la mapatani. Kasitomala sanabwere, ba Anti ali kumsika kukagula ulusi.

Malamulo a Mzinda wa Nyale:
1. Nyale ya pakhomo isazime, usana ndi usiku.
2. Wansembe akamadutsa, maso pansi.
3. Mafuta onse ndi a kachisi. Wofuna kukazinga apemphe chilolezo.
4. Kuseka m'kachisi ndi tchimo. Kuyetsemula ndi theka la tchimo.
5. Mkulu wa ansembe salakwa.

Zilango:
Kumeta mpala.
Kuthamangitsidwa mumzinda ndi katundu yense.
Kuima kunja kwa kachisi, kuseri kwa chingwe, anthu onse akukuona, mpaka ansembe akhululuke.

Zakoma! Chachitatucho ndachikonda kwambiri. Chilibe magazi koma chikuwawa.

Madzulo

Loweruka liyenera kuyenda bwino. Liyenera basi. Thandi ali ndi pakati, mwini wake anathawira ku Solwezi, foni anazimitsa. Mpingo unamuimitsa kwaya, n'kumuuza kuti azikhala pa benchi la kumbuyo. Azimayi atatu anatumidwa kwawo ku Mtendere kukamufunsa mafunso, ndipo mmodzi wa iwo ndi ba Anti, mlongo wa atate anga, amene ndimagona m'nyumba mwawo ndi kusoka pa makina awo. Kuchokera tsikulo dzina la Thandi silitchulidwa muno. Naye Thandi sanapondenso kutchalitchi, kumsika, kwina kulikonse. Koyamba kutuluka akubwera kwa ine.

Ndikufuna aseke. Kamodzi kokha kakwana.

LACHIWIRI

M'mawa

Ndalakwitsa. Ndatumizira Bwalya malamulo kuti angowaona, poti amaphunzira za malamulo madzulo akaweruka ku babashopu. Ndimati anena kuti ali bwino. Foni yakhala ikulira ngati mwana wanjala.

"Manje ngati mphepo ndiye yazimya nyale, mumanga ndani? Mphepo?"

"Munthu akayetsemula kawili ni tchimo imozi yonse? Nanga wa chimfine?"

"Maso pansi. Nanga ngati wansembe wagwa mu mugodi, ali pansi pako, uyangane kuti?"

"Mkulu wa ansembe salakwa. Akayetsemula eve?"

Ndayamba kukonza. Lamulo loyamba tsopano likuti nyale isazime, pokhapokha ngati yazimitsidwa ndi mphepo, mvula, mwana wosayamba kulankhula, mphaka, kapena mwini nyumba ali kumaliro. Lafika kumapeto a pepala n'kukhota. Likuoneka ngati chikalata cha lendi. Ndani angaope mulungu wotere?

Uthenga womaliza, mawu ake atasintha: "Iyo ya mpala uchosemo. Unitukana."

Mayo! Ndinaiwala. Tsitsi la Bwalya linayamba kuthawa pamphumi chaka chatha. Wometa anzake tsiku lonse, kapu savula ngakhale pakudya. Ndafufuta mpala.

Masana

Malaiti apita. Tikusoka mabatani pamanja, pakhomo, padzuwa.

Mabvuto wadutsa akukankha wilibala. Pamwamba matiresi, mbaula, ndowa, nsapato za kutchalitchi zomangidwa zingwe. Ba landilodi amutulutsa. Akuti mwana wawo akukwatira, akufuna chipindacho. Mabvuto azigona kaye kuntchito kwake, kumene amawotcherera zitsulo, pakati pa mageti osamaliza. Waimitsa wilibala, wapereka moni kwa ba Anti mwaulemu, kenako kwa ine motsitsa mawu: "Pa Saturday niliko, osada nkhawa. Uko kundende at least kuli denga."

Ndaseka naye. Atangokhota ndathamangira m'kati. Kuthamangitsidwa mumzinda ndi katundu yense! Ndafufuta mpaka pepala labooka.

Chatsala chilango chimodzi. Chabwino kuti ndi chija chokoma.

LACHITATU

M'mawa

Ndikusita mayunifomu a ana a sukulu, ndikubwereza mumtima mmene ndidzanenere ndi mawu a mkulu wa ansembe. Udzaima kunja kwa kachisi. Kuseri kwa chingwe. Anthu onse akukuona. Mpaka ansembe...

Ambuye wanga.

Ndi benchi la kumbuyo! Ndalemba benchi la kumbuyo, n'kulivalika chingwe, n'kumadzitama kuti ndine wanzeru! Ndikanamuyang'ana Thandi m'maso pa tebulo ili n'kumuweruza kachiwiri.

Simbi yapsereza kolala ya yunifomu. Ndaibisa pansi pa zinzake. Ndisoka ina ba Anti akatuluka.

Masana

Zilango zatsopano. Ndikuyesa chilichonse pa anthu atatuwa ngati nsapato.

Kusala kudya: kwa munthu wapakati? Ayi.
Kugona panja: Mabvuto.
Kuvula chipewa pamaso pa anthu: Bwalya.
Kulandidwa dzina, anthu asakutchulenso: ndi zimene zikuchitika m'nyumba muno.
Kuponyedwa m'dzenje la njoka: afa onse, masewera atha, Thandi abwerera kukagona.
Kutungira kachisi madzi m'mawa uliwonse, pamzere wautali, ndi zigubu ziwiri: chimenechi si chilango. Ndi Lachitatu chabe.

Kodi palibe choipa chimene sichinamuchitikire munthu mu komboni muno?

Maganizo ena: ansembe akhale achifundo. Awadzudzule pang'ono, awapatse tiyi, awamasule. Mzinda wa Nyale ukhale mzinda wachikondi.

Madzulo

Ndapita ku Mtendere wapansi, ndanyamula malalanje. Amake Thandi anditsegulira: "Wabwela, mwana wanga. Benangu banaibala njila."

Thandi ali pabedi, katani yotseka, nkhope yachepa, mimba yatuluka. Sindinafunse vinthu, monga anapempha. Takamba za malaiti, za mtengo wa malasha, za wilibala ya Mabvuto. Wasenda lalanje limodzi, wadya lonse. Ndasangalala ngati ndine ndinalibzala.

Pondiperekeza, wangofika pachitseko. Wandigwira mkono: "Iwe, nikuziba. Usanipange monga dzila. Nikaona ati wafewesa mlandu chifukwa cha ine, ninyamuka pamene apo. Tinaba mafuta. Tiweluze."

Ndavomera ndi mutu.

Njira yonse yobwerera ndikuwerengera. Kuuma sindingaume. Kufewa sindingafewe. Minibasi inatsala pang'ono kundiomba pokhota, kondakitala wandilalatira, ndamupepesa ngati ndi wansembe, maso pansi.

LACHINAYI

M'mawa

Ndili ndi vuto lolankhula ndekha ndikamasoka. Ndimalidziwa. Makina akulira, ine ndikuyesa mawu: wakuba mafuta a m'kachisi amwe mafutawo pamaso pa mpingo wonse!

Makina a ba Anti aima.

"Kachisi uti?"

Ba Anti amadziwa kuti anzanga amabwera Loweruka, koma amayesa timasewera njuga ya makadi yopanda ndalama. Mu komboni muno munthu akamva za kachisi wachilendo, lawi, ansembe, ndi kamwala kamanambala koponya patebulo, mawa lake abusa ali pakhomo ndi mafuta awo odzozera. Mtsikana wina kuseri kwathu anamupempherera sabata yathunthu chifukwa cha mphete yogula kusalaula, kumsika wa zovala zakale.

Ndafotokoza zonse. Nthano chabe, ba Anti. Ngati sewero la pa Khirisimasi, koma lopanda oonerera. Ndawaonetsa dayisi. Aitembenuza ndi nsonga ya sizasi, osaigwira.

"Muli viwanda?" Mulibe.
"Mumaitana akufa?" Ayi.
"Nanga ansembe aba, bantu bamabamvela?" Ndiye vuto langa, ndilibe zilango.

Atambasula dzanja. Ndawapatsa pepala. Avala magalasi. Awerenga mpaka lamulo lokhota lija. Ine ndikuganiza kumene ndikagone akandithamangitsa, mwina pakati pa mageti a Mabvuto.

Avula magalasi: "Malamulo yako ni yofooka. Tenga bolopeni."

Masana

Sindinawaonepo ba Anti akusangalala chonchi chimwalirire amuna awo. Malamulo akutuluka ngati anawasunga m'thumba zaka zonsezi.

Wochedwa ku mapemphero aime pakhomo mpaka ameni.
Wogona pa ulaliki anyamule mwala pamutu, ukagwa ayambirenso.
Woyamba nyimbo pamwamba kwambiri aimalize yekha.
Wobwereka poto wamkulu wa kachisi n'kumubweza wopanda chivundikiro...

Pamenepa aima kupuma. Ndikumudziwa mayi wa potoyo. Amakhala pafupi ndi mpope.

Ajambulanso mikanjo ya ansembe pakona ya pepala. Yofiira, manja otambalala, lamba wagolide. Akuti angasoke umodzi ndi zidutswa. Dzanja langa likuwawa. Mzinda wa Nyale tsopano ukufanana ndi mpingo wathu mpaka fungo, kusiyana kwake ndi mikanjo yokha.

Kasitomala wobwera kudzayesa diresi la kitchini pati, phwando lolangiza mkwatibwi, wamvera ali ndi mapini m'chiuno, naye waponyapo lake: "Na mwamuna wothaba mimba, bamumangilile pa mtengo pakati pa maliketi!"

Ba Anti alumikiza ulusi, apondanso makina. Malamulo atha pomwepo.

Madzulo

Pakudya andifunsa: "Osewela ni bandani?"

Ndati Mabvuto. Ndati Bwalya. Kenako ndaika kapenta wambiri m'kamwa n'kumatafuna mpaka funso lazizira.

LACHISANU

M'mawa

Tsoka! Msonkhano wa azimayi wa mawa kulibe. Amayi busa apita ku Petauke ku ukwati. Ba Anti alengeza akupesa tsitsi: "Mailo niliko. Nifuna nione mlandu wanu mwamene uzayendela."

Ndamwetulira.

Malo ena osewerera:
Kwa Mabvuto: kulibe kwa Mabvuto. Kuntchito kwake abwana amagwira Loweruka, chopalira zitsulo chimalira tsiku lonse.
Kwa Bwalya: chipinda chimodzi, akulu ake amalondera usiku, masana amagona, amadzuka ndi ukali.
Kwa Thandi: cholinga chonse n'chakuti atuluke.
Pansi pa mtengo: mphepo, fumbi, ndi komboni yonse kudzaonerera.

Kulepheretsa? Thandi aganiza kuti ndachita naye manyazi. Kunamiza ba Anti kuti talepheretsa? Shopu ndi yawo, makiyi ndi awo.

Masana

Ndalemba uthenga kwa Thandi, ndafufuta. Ndalembanso ndi nthabwala, ndafufuta. Ndalemba wautali wopepesa, ukumveka ngati wa maliro. Pomaliza ndangoti ba Anti adzakhalapo mawa, sindinathe kuletsa, ukapanda kubwera ndimva.

Wawerenga. Foni ikuonetsa kuti akulemba. Wasiya. Akulemba. Wasiya. Ndasoka zipi chozondoka.

Yankho: "Chabwino."

Chabwino chiyani?! Chabwino ndibwera? Chabwino usandifunenso? Ndatumizira Bwalya kuti amasulire. Akuti liwulo lingatanthauze zonse ziwiri, ndipo m'khoti silingagwire ntchito. Zikomo kwambiri, ba loya.

Ndalimba mtima. Ba Anti ali chowerama patebulo, akudula. Ndati, ba Anti, wachitatu ndi Thandi.

Sizasi sinaime. "Niziba."

Basi. Palibenso china.

Madzulo

Ndafuna pepala langa kuti ndisankhe malamulo ochepa osapweteka munthu. Palibe pansi pa makina. Palibe m'dirowa. Ndalipeza patebulo, lobayidwa mapini pa nsalu ya buluu. Ba Anti adulirapo mkono wa bulauzi. Linali pepala la mapatani, sindingawaimbe mlandu, anaona mbali yoyera.

Mzinda wa Nyale tsopano uli ndi maonekedwe a mkono. Zotsala zikuwerengeka motere:

...isazime pokhapokha ngati mphaka...
...theka la tchimo...
...wopanda chivundikiro...
...salakwa.

Zidutswa zina ba Anti ayatsira mbaula.

Ndikhoza kulembanso. Ndakhala ndi bolopeni mpaka nsima yapsa. Palibe chatuluka.

LOWERUKA

M'mawa

Sindinadye. Ndasesa kawiri. Ndaika mpando wa Thandi kutali ndi makina a ba Anti, kenako ndaona kuti ndauika kumbuyo, ndaubwezera kutsogolo, kenako ndaona kuti wayang'anana ndi ba Anti. Ndauika chammbali. Tsopano wayang'ana khoma.

Zimene zingachitike:
Thandi sabwera.
Thandi abwera, aona ba Anti, abwerera.
Ba Anti ayamba pemphero.
Ine ndikomoka.

Chomalizachi sichikuoneka choipa kwenikweni.

Madzulo

Ndilembe msanga ndisanaiwale.

Wabwera. Womaliza, atavala juzi lalikulu la mchimwene wake. Waima pakhomo, wapinda maondo pang'ono: "Muli bwanji, ba Anti." Iwo: "Tili bwino, kaya iwe." Zatha. Ba Anti akhala pa makina awo chammbali ngati ali ndi ntchito, koma malaiti apita, makina sangalire.

Ndayamba. Alonda akukutulutsani m'ndende. Akukukwezani masitepe. Kachisi wadzaza, Lawi likuyaka pakati, mkulu wa ansembe wakhala pampando wake ndi ndodo m'manja. Mpaka apa mawu anga akuyenda. Mabvuto wapempha kuba makiyi a mlonda, waponya dayisi, yagwa pa ziwiri, munthu wake wapunthwa n'kugwera m'ngoma. Bwalya waimirira, wayamba kuteteza asanamve n'komwe mlandu. Thandi waika manja pamimba, akundiyang'ana.

Nthawi ya chiweruzo. Ndayang'ana mkono wa bulauzi. Mphaka. Chivundikiro. Ndatsegula pakamwa, mulibe kanthu.

Ba Anti, osatembenuka: "Iwe, weluza! Wansembe sazengeleza."

Ndipo ndadzimva ndikunena kuti, mkulu wa ansembe wakomoka.

Sindinakonzekere. Zangotuluka. Ndamugwetsa pansi munthu wosalakwa uja, ndodo yake n'kugubuduka. Bwalya wafunsa kuti tsono aweruza ndani, lamulo likuti chiyani. Lamulo lili pa mbaula, Bwalya.

Thandi watambasula dzanja: "Nipase dayisi. Muntu wanga atola ndodo."

Ndati zimenezo zifuna nambala yaikulu kwambiri. Waponya. Khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mabvuto wakuwa mpaka agalu ayankha. Sindikanakana, malamulo a dayisi okhawo ndi amene atsala. Ndati Lawi lakwera mpaka kudenga, anthu agwada. Thandi wanyamuka, wazungulira tebulo, waima pambali panga: "Choka." Ndachoka. Wakhala pampando wanga.

Akuti mlandu ulipo, koma choyamba akufuna amene anakauza alonda. Ndati munthu ameneyo sindinamupeke. Sanandiyang'ane n'komwe. Wayang'ana ku makina: "Ba Anti, bwelani munkale mai wogulisa mafuta."

Ndinafuna nthaka indimeze. Ba Anti akoka kampando kawo, kakulira pasimenti, akhala patebulo, akonza duku.

"Mai, chifukwa chani munapita kwa balonda?"
"Nanga ningakane? Bananituma."
"Pamene munafika, munagogoda?"
"Tinagogoda."

Tinagogoda. Mayi wa mafuta anali yekha m'nthanomo. Amene anapita atatu ndi aja a ku Mtendere. Mabvuto wayamba kuwerenga malata a denga. Bwalya wavula kapu, yekha, osauzidwa.

"Munafunsa ngati muntu uja wadya?"

Ba Anti ayang'ana manja awo. Ndamva wogulitsa tomato akuitana kumsewu, ndamva mpaka mwana akulira nyumba yachitatu.

"Sitinafunse."

Kenako ba Anti awongola msana: "Nipaseni kamwala kanu ako. Nipempha chifundo." Agwira dayisi imene Lachinayi ankaikhudza ndi sizasi, aipukusa m'manja awiri ngati akupeta, aiponya mwamphamvu mpaka yagunda bokosi la mabatani.

Imodzi.

Thandi waseka. Anayamba ndi mphuno, kenako mapewa, kenako wagwira mimba n'kuweramira patebulo, misozi ikutsika. Sindikudziwa ngati yonse inali ya kuseka. Ba Anti akuti kamwalako kali ndi tsankho. Chiweruzo: mayi wa mafuta akazingire mzinda wonse vitumbuwa, ndi mafuta ake omwe. Ba Anti amenya tebulo, akuti achita apilo. Bwalya wavala kapu n'kusamukira mbali yawo, akuti ndi loya wawo tsopano. Mabvuto wapezerapo mwayi kuthawa pawindo la kachisi, nambala yamulola, palibe wamuthamangitsa.

Akangana mpaka dzuwa lapendeka. Akuba mafuta aja sanaweruzidwe n'komwe. Ine ndinayesa kulowererapo kamodzi, kukumbutsa kuti mkulu wa ansembe angatsitsimuke. Thandi wati: "Akali gone. Iwe ndiwe mlonda, imilila pa chitseko."

Ndaima pa chitseko. Chenicheni, cha shopu.

Potuluka, Thandi wapindanso maondo. Ba Anti ati, "Uyende bwino." Sanakumbatirane, sanatchule za mpingo. Mabvuto wamuperekeza mpaka pokwerera basi. Dayisi Thandi wapita nayo m'thumba la juzi, sanapemphe.

LAMLUNGU

Ndadzuka mochedwa, thupi lonse likuwawa ngati ndinasenza simenti.

Ba Anti sanatchule za dzulo. Amwa tiyi, avala yunifomu ya azimayi, afuna Baibulo, alipeza pamene analisiya. Atafika pakhomo abwerera, atsegula kabati ya nsalu zawo zimene sagulitsa, atulutsa chitenge chobiriwira, achiponya patebulo: "Uja munzako, ija juzi si yovala mukazi. Umupime mailo. Usiye malo pa mimba. Osakamba ati ni ine."

Apita kutchalitchi. Ine ndatsala, ndati mutu. Thandi nayenso sanapite, ndipo akadzapita malo ake akadali omwe aja. Dayisi siingasinthe zimenezo.

Masana uthenga wake wafika, wautali kuposa onse amene wanditumizira chaka chino. Walemba malamulo a Mzinda wa Nyale. Ambirimbiri. Ena ndi ankhanza kuposa a ba Anti. Pali lina lokhudza amuna ozimitsa foni, ngakhale mumzindamo mulibe mafoni. Wasintha dzina la mulungu wanga. Akuti nthano aziyendetsa yekha mpaka abereke, pambuyo pake tidzaona. Bwalya wamutumizira kale mafunso, iye wamuyankha kuti wofunsa mafunso ambiri amumete. Bwalya wati chabwino.

Mzinda ndinaumanga ndekha, msewu ndi msewu, usiku ndi usana pa makina awa. Wapita. Ndafufuza mumtima ngati ndakwiya, ndapezamo njala yokha. Ndakazinga mazira.

Ndamufunsa ngati mlonda wa pachitseko angakhaleko ndi dzina.

Akuti aganiza.